Mota Ndi Mkamwini

Makina osokera ali ngati munthu. Ali ndi mutu ndi mkono, ali ndi phazi lopondereza nsalu, ndipo kunsi kwa phazilo kuli mano amene amaikoka nsaluyo pang'onopang'ono. Akale aja, akuda bii okhala ndi timaluwa tagolide m'mbali, alinso ndi miyendo yachitsulo yoti mwana sangaisunthe. Pali chiwalo chimodzi chimene ambiri mwa makina amene adafika m'midzi mwathu sadabwere nacho, ndicho mota.

Atsibweni anga, amene akhala akukonza makina osokera pa Lobi kuyambira ine ndisanabadwe, ali ndi kanenedwe kawokawo pa nkhani imeneyi. "Mota ndi mkamwini, mphwanga," amatero. "Amachokera kwina, amamangidwa ndi bawuti imodzi yokha, amagwira ntchito mothamanga mpaka mudzi wonse kumutama. Koma tsiku limene zinthu zavuta, woyamba kulongedza ndi iyeyo." Amanena izi akuseka, pakuti nawonso ndi akamwini pamudzi pamene akukhalapo.

Kwa inu a m'tauni amene Lobi mumangomumva kwa ogulitsa kachewere, ndikulozereni njira. Mukachoka ku Lilongwe pamsewu wa M1 wopita ku Dedza, mumakhotera kudzanja lamanja pa Linthipe n'kulowera chakumalire a Mozambique. Ndi dziko la mapiri ndi madimba, la kabichi, matimati ndi mbatata. Mu Juni ndi Julayi chisanu chake chimalowa m'mafupa, ndipo mafuta a makina amaundana mpaka gudumu kulemera. Tsiku la msika, atelala amandandalika makina awo m'makonde a sitolo, aliyense ndi tepi m'khosi, ndipo phokoso lawo limamveka kheche kheche kheche pakati pa kulira kwa njinga zamoto ndi kukuwa kwa mavenda. Makina amenewo akadwala, ambiri amathera pakhonde la atsibweni.

Adafika bwanji kumapiri kuno? Ambiri adabwera ndi amuna ochokera ku Joni. Munthu akamaliza kontilakiti yake kumigodi ankafuna kufika pamudzi ndi zinthu zooneka: njinga, bulangete, wailesi ndi makina osokera. Njira imeneyi idatsekeka mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Idatsekukanso mu 1977 pansi pa Theba mpaka 1988. Makina ena, akutero atsibweni, adadutsa malire ali pamutu, m'zaka za m'ma 1980 pamene abale athu a ku Mozambique ankathawa nkhondo. Munthu ankasiya mbuzi, ankasiya nkhokwe, koma mutu wa makina ankaukulunga m'chitenje n'kuusenza, podziwa kuti kulikonse kumene akafike anthu amavala. Mtendere utabwera mu 1992, ena adabwerera nawo, ena adawagulitsa kuti apeze ya ulendo.

Mukayang'ana bwino Singer yakale, mudzaona nambala yodindidwa pachitsulo chakutsogolo kudzanja lamanja. Nambala imeneyo imaulula chaka chimene makinawo adapangidwa. Mtundu wake ukakhala ndi chilembo K, monga 15K kapena 201K, ndiye kuti adachokera ku fakitale ya ku Clydebank, pafupi ndi Glasgow ku Scotland. Mtsinje wa Clyde umene udapatsa dzina malowo ndi womwewo umene umadutsa pa Blantyre wa kumeneko, kwawo kwa David Livingstone. Fakitale imeneyo idayamba ntchito m'zaka za m'ma 1880 ndipo idatsekedwa mu 1980. Taganizani, abale anga: fakitale idafa zaka zoposa 40 zapitazo, koma ana ake akusokabe mayunifolomu pa Lobi.

Chinsinsi cha moyo wautali umenewu sichozizwitsa ayi. Mtundu uja wotchedwa 15 udatsanziridwa ndi mafakitale ambirimbiri, ku Japan, ku China kumene kumachokera Butterfly, ndi ku India kwawo kwa Usha. Kotero bobini ya makina awa imalowa m'makina awo, singano ndi imodzimodzi, ndipo tizitsulo tambiri tingathe kubwerekana ngati mchere pakati pa anansi. Makina amodzi akafa ndithu, amapatsa moyo ena asanu. Kuseri kwa nyumba ya atsibweni kuli mitu ya makina yoposa khumi imene iwo amaitcha "manda", koma ndi manda achilendo, pakuti tsiku lililonse kumafukulidwa kanthu kamoyo.

Ndakhala pakhondepo masiku ambiri kuonerera mmene amadzutsira makina ogona, ndipo chimene ndaona n'chakuti ntchito yaikulu ndi kudikira. Makina akabwera atauma gwa, gudumu losatembenuka, iwo sagwira hamala. Amayamba achotsa singano, phazi, bobini ndi kachitsulo kovundikira mano. Pansi pa kachitsuloko pamakhala nyansi za zaka zambiri, ulusi ndi fumbi la nsalu zoumbika ngati chigumu. Akazichotsa ndi mswachi wakutha, amadontheza palafini m'timabowo tonse ndi polumikizana zitsulo ponse, n'kuwaika makinawo padzuwa. Mawa lake amagwedeza gudumu pang'ono chabe, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kudonthezanso. Nthawi zina pamapita sabata yathunthu. Mwini makina akayamba kung'ung'udza, amangomuyankha kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi."

Mdani wamkulu, iwo amati, si dzimbiri koma mafuta ophikira. Munthu akasowa mafuta a makina amatapa m'botolo la kukhitchini, ndipo tsiku limenelo makina amayendadi bwino. Pakatha miyezi, mafuta aja amauma n'kusanduka ulimbo. Mdani wachiwiri ndi ukhondo wopitirira muyeso. Timaluwa tagolide tija tidaphimbidwa ndi vanishi wopyapyala amene amasungunuka ndi sipiriti, ndiye wopukuta mwachangu amadabwa kuona golide yense watsalira pansanza. Atsibweni amapukuta mutu wa makina ndi dontho la mafuta a makina omwewo pakansalu kofewa, basi.

Gudumu likamasuka, imatsala ntchito ya khutu ndi diso. Msoko wa makina umapangidwa ndi maulusi awiri, wapamwamba wa m'singano ndi wapansi wa m'bobini. Singano ikatsika n'kuyamba kukwera, ulusi wake umapanga kakhwekhwe, ndipo nsonga ya mbedza ya pansi iyenera kufika nthawi yomweyo kuti iukole. Ikachedwa kapena kufulumira pang'ono, makina amadumpha msoko kapena kudula ulusi. Koma asanamasule bawuti iliyonse, atsibweni amasintha kaye singano n'kuona ngati mbali yake yophwatalala yayang'ana kumene makinawo amafuna. Amati mwa makina amene amabwera ndi dandaulo lodumpha msoko, ambiri vuto lawo ndi singano yopindika kapena yolowetsedwa chagada. Amisiri ena akanalipiritsa ngati achita opaleshoni. Iwo amangotchula mtengo wa singano, ndipo n'chifukwa chake sadalemere.

Zonsezi ndi za mutu, ndipo mutu kawirikawiri umachira. Nkhani imasintha tikafika kwa mkamwini uja.

Magetsi atafika m'malo a malonda, telala aliyense adalakalaka mota. Ndipo sindingamunene munthu. Kupalasa chopondera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa kumatha mawondo ndi msana, pamene mota imamaliza msoko wautali munthu asanaphethire. Timamota timeneti timamangidwa kumbuyo kwa mkono wa makina, kalamba kamphira n'kukolekedwa kugudumu. Koma walira mvula walira matope.

M'kati mwa mota muli chitsulo chozungulira chokulungidwa ndi waya wa kopa. Magetsi amalowa m'chitsulocho kudzera m'tizidutswa tiwiri ta khala, mabulashi, timene timakankhidwa ndi tisipuling'i kuti tizikhudza mphete ya kopa. Mabulashi amaperepeseka ngati choko. Akatha, mota imayamba kuthetheka, kununkha ndi kufooka, ndipo mwini wake amaganiza kuti yafa pamene ikungofuna tizidutswa tiwiri tatsopano. Tikasowa, atsibweni amatenga mabulashi a chipangizo china n'kuwapala mpaka akwane. Ndidawaonapo akusema khala la m'kati mwa batire la tochi, koma adamuuziratu mwini wake kuti, "Ili ndi khasu lobwereka, bambo. Likufikitseni Loweruka, kenaka mukagule enieni ku Lilongwe." Amatsukanso mphete ya kopa ija ndi kuchotsa mwaye m'timizere take. Ndipo amakalipira aliyense wokunga lamba kwambiri, poti lamba wokungika amatenthetsa mota ndi kudya timabeya take.

Pali matenda ena amene sachira. Magetsi a kuno kwathu ndi a mavoti 230, pamene a ku America ndi a pakati pa 110 ndi 120. Mbale wachifundo akatumiza makina kuchokera kumeneko, wolandira n'kungosintha pulagi osawerenga kachitsulo kolembedwa pa mota, chotsatira ndi utsi tolo ndi fungo loti silichoka m'nyumba. Waya wa m'kati akapsa, kukulunganso kumafuna mmisiri wina wa m'tauni, ndipo mtengo wake umayandikira wa mota yatsopano. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chidakwera denga, timamota tomwe.

Koma matenda amene adatsala pang'ono kupasula mudzi ndi awa. Telala wina adabwera mamawa, nkhope ili gwaa, atanyamula mota ndi chopondera chake m'thumba. Adati usiku wapitawo, banja lonse lili mtulo, makina adayamba kusoka okha mumdima. Mayi a kunyumba adathawira kwa anansi ndi ana, ndipo pofika m'mawa dzina la telala mnzake wa khonde loyandikana lidali litayamba kale kutchulidwa m'manong'onong'o. Inu mukudziwa kumene nkhani zotere zimathera kumudzi. Atsibweni sadatsutse kapena kuseka. Adatsekula chopondera chija pamaso pa mwini wake n'kumuonetsa kanthu kangati kasoseji, kotupa ndi kong'ambika. Ndi kapasita, imene opanga adaikamo kuti mota isamasokoneze wailesi. Ikakalamba imatha kudutsitsa magetsi ngakhale palibe phazi lapondapo. Adaidula, n'kulumikiza, makina n'kukhala phee mpaka munthu atapondapo. "Mfiti yanu ndi iyi," adatero akumupatsa m'manja. "Kaionetseni kwa amayi. Ndipo mukamagona muzizula pulagi."

Komabe choopsa chachikulu cha mota sichili m'kati mwa mota. Chili m'mutu mwa mwini wake, amene akangoona makina akuthamanga ndi magetsi amayamba kuona miyendo yachitsulo ija ngati katundu wodzaza nyumba. Ogula zitsulo zakutha amadziwa zimenezi, ndipo amayenda khomo ndi khomo ndi sikelo yawo.

Zidachitika m'banja mwathu momwe. Achemwali anga, mwana wa mayi aang'ono, ndiwo adalandira makina amene agogo adabwera nawo kuchokera ku Joni. Adawaika mota, adawakhazika patebulo lamatabwa, ndipo chaka china chovuta alamu adagulitsa miyendo ija kuti awonjezere pa ndalama ya feteleza. Palibe adawadzudzula, pakuti miyendoyo inkangokhala m'chipinda. Kenaka mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kapichira idakhala chiimire kwa chaka ndi miyezi. Madzi adasefukira kumunsi kwa Shire, koma ludzu lake lidafika mpaka kumapiri a Dedza.

Nthawi imeneyo achemwali adali atalandira oda ya madiresi 30 a kwaya, oti avalidwe pa Pasaka. Theka la ndalama adali atalandira kale, ndipo lidali litapita kusukulu ya ana. Magetsi ankabwera pakati pa usiku n'kuchoka tambala asanalire. Iwo ankagona ndi khutu limodzi, babu likangoyaka n'kudzambatuka. Sabata yachiwiri ya moyo umenewu, mota yotopa ija, imene inkathamangitsidwa maola ambiri osapuma, idatulutsa utsi n'kukhala chete. Madiresi otha adali 11.

Adafika kwa atsibweni ndi mutu wa makina pamutu, monga ankachitira othawa nkhondo aja. Atsibweni adanunkhiza mota, n'kupukusa mutu.

"Iyi yapita. Nanga miyendo ya makina a bambo anga ili kuti?"

Achemwali adayang'ana pansi.

"Chabwino," adatero atsibweni. "Mkamwini wapita kwawo. Tiyeni tikafune eni mudzi."

Miyendo idapezeka pamalo oti simungaganize. Pamsika pomwepo, mnyamata wina wokazinga tchipisi adali atakhazika chiwaya chake pa miyendo ya makina osokera, yakuda ndi mwaye, gudumu lake lalikulu likadali pomwepo. Sidali ya agogo ija, koma idali ya mtundu womwewo. Kukambirana kudatenga masiku awiri, chifukwa mnyamatayo ataona nkhalamba ikuyang'anitsitsa adazindikira kuti wakhalira chuma. Adagwirizana kuti owotcherera amupangire choikapo chiwaya china, ndi kandalama pamwamba. Ndodo yolumikiza chopondera ndi gudumu idali itasowa, atsibweni adakaifukula ku manda kwawo kuja. Kalipentala adaboola thabwa, lamba adachokera ku chikopa cha ng'ombe chochekedwa mozungulira n'kulumikizidwa ndi kawaya. Tsiku lachisanu makina adalira kheche kheche pakhonde, magetsi kulibe.

Achemwali adatupa mapazi sabata imeneyo, ndipo diresi lomaliza adalipinda Loweruka usiku ndi nyali ya sola. Koma kwaya idavala. Dzina lawo, limene kwa telala wa kumudzi ndilo mpamba weniweni, lidatsala loyera. Atapeza ndalama adagulanso mota ina, ndipo atsibweni adaimanga okha mosanyinyirika. Adangoika lamulo limodzi: makina akhale pa miyendo yake, ndipo lamba wachikopa azipachikika pamsomali pafupi. Magetsi akachoka, kuchotsa lamba wa mphira n'kukoleka wachikopa ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Pamenepa m'pamene ine ndimasiyana ndi anzanga ena a m'tauni amene amakonda zakale chifukwa choti n'zakale. Atsibweni sadana ndi mota. Ali ndi foni, amalandira ndalama pafoni, ndipo amalota tsiku limene aliyense pa Lobi adzakhale ndi magetsi osaphethira. Chimene amakana ndi kudula miyendo chifukwa wakwera galimoto ya eni. Makina atsopano apulasitiki amene adzaza m'masitolo amasoka maluwa ndi mabowo a mabatani, zoonadi, koma ambiri alibe pokoleka lamba wachikopa, ndipo giya yake yapulasitiki ikasweka, kupeza inzake ndi ulendo. Akale aja adapangidwa kuti azitsekulidwa ndi sukuludilaiva imodzi ndi munthu wamba wokhala kutali ndi fakitale. Ulemu wake wagona pamenepo.

Ntchito ya utelala yaona zambiri m'dziko muno. Kaunjika atasefukira m'zaka za m'ma 1990, anthu adati atelala atha. Sadathe, adangosintha: lero amachepetsa majekete a azungu, amafupikitsa mathalauza, amasoka zitenje za maukwati ndi zamaliro. Mu 2020, matenda a Covid atafika, makina omwewa a m'makonde ndiwo adasoka timasiki tansalu timene tidavala ambirife. Nthawi iliyonse dziko likapanikizika, timabwerera kwa makina akuda aja, ndipo timawapeza akudikira.

Nkhawa yanga ili pa manja. Atsibweni maso ayamba kuchita chifunga, ndipo kulowetsa ulusi pasingano amaitana mdzukulu. Anyamata amene adayesa kuwaphunzitsa adathawira ku kabaza ndi kokonza mafoni, kumene ndalama imabwera tsiku lomwelo, ndipo sindingawaweruze. Luso limeneli silidalembedwe m'buku lililonse la Chichewa limene ndidaliona. Lili m'khutu lodziwa kusiyanitsa kulira kwa beya wouma ndi kulira kwa bulashi yakutha, ndi m'mphuno yodziwa mota yopsa isanatsekulidwe. Chondipatsa mtima n'chakuti chichokereni Pasaka uja, achemwali amapita pakhonde paja Lachitatu lililonse masana. Adayamba ndi kutsuka zitsulo m'palafini. Tsopano amasintha okha mabulashi, ndipo atelala anzawo, amuna omwe, ayamba kuwabweretsera timamota tawo. Poyamba ankabwera mobisa, madzulo. Pano amabwera dzuwa likuswa mtengo.

Inu amene mukuwerenga muli ku Area 25, ku Ndirande kapena ku Chibavi, mwina m'nyumba mwanu muli makina a amayi anu, ovundikiridwa ndi kansalu koluka, pamwamba pake pali vazi ya maluwa apulasitiki. Sindikuti muyambe utelala. Ndikungopempha kuti Loweruka lino muwavundukule, mudonthezemo mafuta oyenera, mutembenuze gudumu kangapo. Ngati ali ndi mota imene yakhala zaka osayenda, musailumikize kumagetsi mmisiri asanaone mawaya ake, chifukwa mphira wakale amafumbutuka ngati chikonyo. Ngati simukuwafuna, kumudzi kwanu kuli mtsikana amene angaphunzitse nawo ana ake mpaka Fomu 4. Ndipo wa sikelo uja akagogoda pageti n'kuloza miyendo, mupatseni mpando ndi madzi akumwa monga mlendo aliyense, koma achoke chimanjamanja.